Mphindi Zinayi pa Geti la Achimwene

Ndinadzuka kudakali mdima, cha m'ma folo koloko. Ndinali nditagona pa kapeti, pakati pa sofa ndi hita yotenthetsera m'nyumba, jekete nditapinda kukhala pilo. Pabalaza pa fulati ya achimwene ku Hyattsville panali amuna khumi ndi mmodzi, ena atagona chokhala, nsapato zawo zili mulu pakhomo. Azimayi anali kuchipinda ndi alamu anga, akazi a malemuwo. Nyimbo zinali zitaleka kale, chifukwa kuno maliro sachezera ngati kumudzi. Mukapitiriza kuimba, wa khomo linalo amagogoda khoma.

Linali Loweruka la mu Januwale, patatha zaka ziwiri kapena zitatu chichitikireni chisankho cha matipate kwathu. Tinkayika achimwene, oyamba kubadwa m'banja lathu. Abale a ku Kasungu ankafuna mtembo upite, koma alamu anakana, anati iwo ndi mwana wawo wamkazi ali kuno, manda akhale poti akhoza kufikapo pa basi.

Achimwene kwathu anali mlonda wa nyama za m'nkhalango. Kuno anabwera ngati dalaivala wa bwana wina, ndipo bwanayo atabwerera iwo anatsala. Ndi iwo anandiitanitsa ine, nandipezera sukulu ya ntchito yosamalira okalamba. Iwo ntchito za m'nyumba zinawakanika. Anapeza malo kwa mzungu wina wokalamba amene anali ndi nkhalango yake kupitirira Frederick, kumene iye ndi anzake ankasakako agwape. Agwape a kuno ndi aakulu, amphongo nyanga zawo zili nthambinthambi. Achimwene ankagona komweko m'kalavani, kanyumba kokoka ndi galimoto, kunyumba ankabwera Lamlungu lina. Ankakonza mipanda, kuthira chimanga ndi mchere m'njira za nyama, ndiponso kuyang'anira makamera.

Makamerawo ndiwo anali mtima wawo. Kanali kabokosi kopakidwa utoto wa masamba, komangidwa pamtengo ndi lamba. M'katimo munali kamera ya filimu, ndi kadiso kamene kankamva chamoyo chikadutsa. Gwape akadutsa, kamera inkajambula yokha, n'kulemba tsiku ndi nthawi pakona pa chithunzi. Achimwene ankazungulira mitengo isanu ndi umodzi, kusintha mafilimu, kukatsukitsa ku sitolo ya mankhwala. Gwape aliyense ankamudziwa. Akabwera ku Hyattsville ankayala zithunzi patebulo, n'kumatiuza kuti uyu wapulumuka alenje chaka chachitatu, uyu akutsimphina mwendo wakumbuyo. Ine ndinkayang'ana kumbali. Kutchalitchi akandifunsa ntchito ya achimwene ndinkati amayang'anira famu. Zoti munthu wawoloka nyanja n'kukakhalanso kuthengo zinkandichititsa manyazi.

Koma chimene chinandidzutsa m'mawa umenewo si chimenecho. Masabata awiri m'mbuyomo, Lachinayi, achimwene anaimbira alamu kuchokera pa foni ya pa golosale ya kumsewu, poti m'kalavanimo munalibe foni. Anati pachifuwa pakuwalemera ndipo akakwera kachitunda mpweya ukuwathera. Alamu Loweruka ndi Lamlungu ankagonera kuntchito, kwa mayi wina wokalamba ku Bethesda, ndipo sayendetsa galimoto. Anandipempha ine kuti ndikawaone, nditenge kamakina kanga koyezera kuthamanga kwa magazi.

Ndinapita Loweruka. Ndinafika pa geti la nkhalangoyo chakumasana, n'kupeza tcheni ndi loko. Kuchokera pa geti kukafika pa kalavani ndi mtunda, ndipo njira yonse inali matope osakanikirana ndi chipale chosungunuka. Ine ndinali mu yunifomu ndi nsapato zoyera, shifiti yanga inkayamba thu koloko, ndipo sabata yomweyo anali atandichenjeza za kuchedwa. Ndinatuluka, ndinagwedeza loko, ndinaliza hutala katatu. Pamwamba pa mitengo ndinaona utsi. Ndinadziuza kuti munthu amene wakoleza moto ali bwino. Ndinatembenuza galimoto. Pa malo omwetsera mafuta ndinaimbira alamu, n'kunena kuti ndawaona, ndi chimfine chabe.

Mwini nkhalango anawapeza achimwene Lachiwiri, atakhala pampando, majombo ali kumapazi. Adokotala anati ndi mtima, ndipo anamwalira Lamlungu. Ine ndimagwira ntchito pakati pa odwala. Ndikudziwa zimene tsiku limodzi limatha kuchita kwa munthu wa mtima akafika kuchipatala.

Kunja kutayamba kuyera, azimayi anadzuka. Chakudya chinkaphikidwa m'mafulati atatu a nyumba yomweyo: kwa alamu nyemba ndi ndiwo zamasamba, kwa banja lina la ku Zambia pamwamba pathu mpunga, kwa mayi wina wa ku Ghana amene anangotsegula chitseko chake osapemphedwa, nkhuku. Wina anakwera pampando n'kuchotsa batire m'kabelu ka utsi kuti kasatisokose. Amuna tinatsikira kuseri kwa nyumba kumene timayika magalimoto, tinakoleza makala m'mbaula ziwiri zopangidwa ndi mgolo. Kunkazizira koti zala zinkakana kugwira machesi. Tinaima mozungulira moto, tiyi ali m'makapu a pepala, aliyense akutuluka nthunzi m'kamwa.

Anthu anayamba kufika cha m'ma seveni. Ena anayenda usiku kuchokera ku New York, asanu m'galimoto imodzi, maso ali psuu. Ena anachokera ku Baltimore. Anamwino anabwera molunjika kuchokera ku shifiti, chitenje atamanga pamwamba pa yunifomu, jekete lalikulu pamwamba pa chitenje. A ku ofesi ya kazembe anafika ndi makhoti aatali akuda. Aliyense akalowa ankagwada kaye kwa alamu, kenako ankandifunafuna ine. Nkhani inali itafala yoti ine ndiye ndinawaona komaliza. Ankandigwira dzanja ndi manja awiri. Bambo wina wachikulire anandiuza kuti ndine wodala, chifukwa iye mkulu wake anamwalira ku Zomba iye ali kuno, osamuona zaka zisanu ndi ziwiri. Mayi wina anandifunsa ngati ananena mawu aliwonse. Ndinangoweramitsa mutu, ndipo iye anaganiza kuti ndi chisoni, n'kundisisita pamsana.

Naini koloko tinapita kunyumba yosungira maliro kukaona nkhope. Anali atawaveka suti imene anavala pa ukwati wanga. Anawadzoza zodzoladzola mpaka nkhope inasalala ngati ya munthu wina, koma manja sanathe kuwabisa. Anali manja omwe aja, okhakhala, chala chachikulu chili ndi chipsera cha waya wa mpanda. Mwana wawo, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, anaima nthawi yaitali akuyang'ana manjawo. Anandifunsa m'Chingerezi ngati bambo ake ankamva kuwawa pamene ndinawaona. Ndinati ayi.

Mwambo unachitikira ku Silver Spring, m'tchalitchi chimene timabwereka masana a Lamlungu. Tili pa nyimbo yachiwiri, panja panaima mapikapu anayi amatope. Munatuluka amuna asanu ndi mmodzi, azungu asanu ndi wakuda mmodzi, onse akuluakulu, masuti akuwathina m'mapewa. Anali alenje aja a kunkhalango, ndipo patsogolo panali mwini nkhalango, wamtali, wowerama pang'ono, kamakina kothandiza kumva kali m'khutu. Anakhala kumbuyo kwenikweni, zipewa zili pamaondo. Nyimbo zathu sankazidziwa, koma tikaima ankaima, tikakhala ankakhala.

Mbiri ya malemu ndinawerenga ndine. Ndinatchula sukulu, ntchito ya kunkhalango kwathu, ukwati, ulendo wa kuno. Za Loweruka lija sindinatchule. Ndinaganiza kuti ndadutsa. Koma mkulu wa mpingo ataimirira ananena kuti m'dziko lino anthufe tatanganidwa, timathamangira mashifiti mpaka kuiwala abale, ndipo tiphunzire kwa mng'ono wa malemuyu amene anayenda ulendo wautali m'chipale kukaona mkulu wake. Tchalitchi chonse chinavomera. Ndinayang'ana pepala la mbiri lija mpaka zilembo zinasokonekera.

Mwini nkhalango anapempha kulankhula. Sanatalikitse. Anati wasaka m'nkhalango imeneyo zaka makumi anayi, koma anayamba kuidziwa atabwera achimwene. Anati ankatha kuyang'ana phazi pamatope n'kunena kuti wadutsa ndi gwape uti, ndipo filimu ikatsukidwa zinkapezeka zoona. Anati chaka china anawaletsa onse kuwombera gwape wamkazi wina chifukwa anali ndi ana awiri obadwa mochedwa, ndipo iwo, eni malo, anamvera. Atatero anabwerera kumpando. Wotanthauzira mawuwo m'Chichewa atamaliza, ndinamva anthu akung'ung'udza modabwa. Ambiri sankadziwa n'komwe kuti achimwene ankagwira ntchito yotani, ndipo amene anawabisira ndinali ine.

Kupita kumanda tinayenda mndandanda wa magalimoto oposa makumi atatu, nyali zoyaka masana, wapolisi wa njinga yamoto akutitsekera mphambano. Kumwamba kunali kotuwa, ndipo tili m'njira kunayamba kugwa timadzi tozizira tosakanikirana ndi chipale. Ine ndinakwera ndi alamu ndi mwana wawo, kumbuyo kwenikweni kwa galimoto ya bokosi. Alamu anagwira dzanja langa kuyambira pa tchalitchi mpaka pa chipata cha manda.

Dzenje anakumba ndi makina dzulo lake, n'kuphimba dothi ndi kapeti wobiriwira. Kuno mwambo wawo ndi woti abale azichoka bokosi likadali pamwamba, antchito n'kumaliza okha. Akuluakulu athu anakana, anati ife sitisiya munthu panja. Woyang'anira manda analola, koma anati mafosholo ali nawo awiri okha. Pamenepo alenje aja anapita ku mapikapu awo n'kubwera ndi mafosholo asanu. Anavula majekete a suti. Tinakwirira mosinthana, ife ndi iwo, amayi akuimba, dothi lofiira likumatirira ku nsapato. Fosholo itafika kwa ine ndinaponya kangapo, kenako mmodzi wa alenjewo anailandira.

Chakudya tinadyera m'holo ya pansi pa tchalitchi. Alenje anabweretsa nyama ya gwape yambiri m'mabokosi a ayezi, ndipo amuna a pa mbaula anaiwotcha. Anthu anayamba kumasuka, ana akuthamangathamanga pakati pa matebulo. Mwini nkhalango anabwera pamene panakhala alamu, atanyamula katoni ya nsapato ndi envelopu. M'katonimo munali zithunzi za zaka zonse. Mu envelopu, anatero, munali mafilimu omaliza, amene anachotsa yekha m'makamera n'kukatsukitsa dzulo lake. Anati sanaziyang'ane bwino, mtima sunamulole.

Zithunzi zinayamba kuyenda m'manja. Anthu anasonkhana. Panali agwape akudya chimanga, ena atatembenukira ku kamera maso ali ngwee chifukwa cha kuwala kwake. Panali wamphongo wa nyanga imodzi, inayo itagwa, poti kuno nyanga zimagwa nyengo yozizira n'kumeranso. Panali nkhandwe, ankhukundembo a m'tchire, ndi chimbalangondo chimodzi chimene chinakuwitsa amayi. Ndipo pa filimu iliyonse chithunzi choyamba chinali cha achimwene, nkhope ili pafupi kwambiri, akuyesa ngati kamera ikugwira. Pena atatsinzina diso limodzi, pena akuseka. Mwana wawo anaseka koyamba tsiku limenelo, kenako analira.

Ndiye mayi wina anakweza mawu n'kunditchula. Anati ndibwere ndidzadzione.

Sindinkadziwa kuti pa geti panali kamera. Mwini nkhalango anafotokoza kuti anaiyika chifukwa cha anthu olowa mozemba kudzapha nyama. Pa chithunzicho ndinali ine, mu yunifomu, nditagwira loko, galimoto yanga ili kumbuyo chitseko chili chotsegula. Pa china panali galimoto yomweyo itatembenuka. Zinayenda tebulo ndi tebulo. Mkulu wa mpingo anachikweza m'mwamba kuti onse aone zimene ananena zija.

Kenako kunatuluka chachitatu. Anali achimwene, ali m'kati mwa geti, atavala jekete lawo lalikulu ndi chipewa cha ubweya. Dzanja limodzi linali litagwira mtengo wa geti, lina lili ndi makiyi. Ankayang'ana kumsewu. Mayi uja anati taonani chikondi, munthu akudwala koma anaperekeza mng'ono wake mpaka pa geti. Anthu anavomera, ena anapukuta misozi.

Chithunzicho chitafika m'manja mwanga ndinayang'ana pakona. Tsiku linali lomwelo. Nthawi inali itapitirira ndi theka la ola ndi mphindi zingapo kuchokera pamene ndinachoka. Anamva hutala. Anavala, anatenga makiyi, anatsika njira yonse ija m'matope ndi chifuwa chimene chija, ndipo anapeza matayala anga atasiya mizere. Kenako anayenera kukweranso.

Ndinapereka chithunzicho kwa amene anali pafupi, n'kupita kuchimbudzi. Ndinatsegula mpopi kuti anthu asamve. Nditatuluka, ndinaona alamu atatenga zithunzi zitatu zija. Anaziyang'ana chimodzichimodzi, mosafulumira, atazitalikitsa pang'ono poti magalasi anaiwala kunyumba. Kenako anapempha magalasi a mayi amene anakhala nawo pafupi, n'kuziyang'ananso. Anazilowetsa m'chikwama chawo.

Anthu anayamba kubalalika cha m'ma folo, kusanade. A ku New York ananyamuka msanga kuopa msewu. Anamwino anathamangira mashifiti a madzulo. Alenje anatsanzika aliyense ndi dzanja, ndipo mwini nkhalango anandiuza kuti geti ndi lotsegula kwa ine tsiku lililonse ndikafuna kudzaona malo amene mkulu wanga ankakonda. Ndinathokoza.

Ku fulati tinabwerera ochepa. Azimayi anatsuka mapoto, anabweza a eni ake, anasesa. Mkazi wanga anatenga ana athu ndi mwana wa achimwene kupita nawo kwathu kuti akapume. Pofika seveni koloko m'nyumbamo tinatsala awiri, ine ndi alamu, ndi mipando yachitsulo ya tchalitchi itazungulira khoma. Ndinayamba kuipinda.

Alamu anakhala patebulo. Anatulutsa zithunzi zija n'kuziyala mwa dongosolo lake, choyamba, chachiwiri, chachitatu.

"Alamu, tabwerani."

Ndinapita, ndinaima.

"Apa mwafika. Apa mukuchoka. Pakati pake mphindi zinayi." Analoza ndi chala. "Njira imene ija ine ndayendapo. Munthu wabwinobwino, mphindi makumi awiri kupita kokha."

"Sindinafike, alamu," ndinatero. "Ndinabwerera pa geti. Sindinawaone."

Ndinafuna kunena za loko, za matope, za utsi, koma ndinaona kuti zonsezo ndi zimene ndakhala ndikudziuza ndekha masabata awiri, ndipo sizinandithandize.

Alamu anakhala nthawi yaitali akuyang'ana chithunzi chachitatu.

"Kubwerera pa geti, munthu amabwerera," anatero. "Koma mukanandiuza. Ndikanamusiya gogo uja ndi mwana wake, ndikanapempha a mpingo galimoto. Ndikanapita usiku womwewo. Inu munati chimfine, ine n'kugona tulo."

Ndinagwada pa kapeti. Ndinati andikhululukire. Anati mwanayo asamve kwa anthu, ndidzamuuze ndekha akadzayamba kudya bwino. Anati mayi athu ku Kasungu akhala akunditamanda pa foni sabata yonse, ndipo iwo sangathe kumvanso zimenezo, choncho ndiwaimbire mawa. Ndinavomera zonse.

Anatenga chithunzi cha achimwene chija, ziwiri zanga anazisiya patebulo. Ataima pakhomo la kuchipinda anatembenuka.

"Anatsika chifukwa anadziwa kuti ndinu," anatero. "Wina aliyense sakanamutsikira."

Anatseka chitseko. M'nyumba munangotsala kulira kwa firiji ndi mapazi a ana a pamwamba. Mipando inatsala khumi ndi inayi. Ndinaipinda umodziumodzi, ndikugwira miyendo yake kuti zitsulo zisagundane, n'kuitsamiritsa kukhoma.